Mwala Wanga Uli m'Maziko a Chipatala

Amene anayamba kundiuza anali mayi oyandikana nawo nyumba, aja ogulitsa mandasi, Asilamu a ku Mandimba amene timaitanana achemwali ngakhale sitinabadwe mimba imodzi. Anandipeza kuseri kwa nyumba ndikupukuta mwana wanga wamkazi ndi nsalu yonyowa, chifukwa thupi lake linali likutentha kuyambira dzana lake. Moni sanapereke. Anangoima ndi beseni la mandasi pamutu, n'kundiuza kuti bicha yonse ya kuchipatala yanyamulidwa pa wilibala, ndipo mwala wanga wapita nawo limodzi.

Ndiyambe ndafotokoza za bicha, kuti amene simunakhalepo kuno mundimve. Ife tinabwera ku Cuamba kuchokera ku Itepela, kwa Ngauma, kuti ana aphunzire. Bambo awo amakhalabe komweko nyengo ya fodya ikafika. Bairo yathu, ndiye kuti dera limene timakhala, ili kumapeto kwa tauni, kumene njira zake ndi mchenga ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Tili ndi kachipatala kamodzi, anamwino awiri, ndipo odwala ndi ambiri. Mzere wodikira uja ndiwo timati bicha. Koma kwathu kuno munthu saima pa bicha. Amadzuka mbandakucha, amakaika mwala wake kumbuyo kwa mwala wa mnzake, n'kubwerera kunyumba kukatunga madzi, kukasesa, kukasambitsa wodwalayo. Mwala ndiwo umadikira. Mzere wake umayambira pakhomo la anamwino mpaka kumtengo wa mango, tsiku loipa umakafika kumpanda.

Palibe amene analemba lamulo limeneli, koma sindinaonepo lamulo lina limene anthu amaliopa chotero. Chaka china mayi wina analumpha miyala n'kulowa patsogolo. Mpaka lero akamadutsa pamsika anthu amanong'onezana kuti uyo ndi uja wolumpha miyala, ndipo tomato wake anaolera pathebulo mpaka anasiya malondawo.

Vuto ndi lakuti kuno miyala kulibe. Ndi mchenga wokhawokha. Amene ali ndi mwala wabwino amausunga m'nyumba ngati mbale ya alendo. Ena amaupaka utoto, ena amaumanga kansalu kuti usasokonekere. Amene alibe amasiya patapata limodzi, n'kubwerera kwawo phazi lina lili pansi. Wanga unali mwala woperera, uja waung'ono wogwira m'manja umene kwathu timati mwana wa mphero. Anandipatsa ndi mayi anga tsiku limene ndinkapita kubanja. Unali wakuda, wosalala, wokhala ndi kadzenje pamene chala cha mayi anga chinkagona. M'tauni timagayitsa kuchigayo, ndiye mwalawo unapeza ntchito ina. Unadikirira ana anga onse, katemera wawo, zifuwa zawo, ndi mimba yanga yomaliza.

M'mawa umenewo ndinali nditauika pafupi ndi mtengo wa mango. Ndinachedwa kudzuka chifukwa cha mwanayo, choncho patsogolo panga panali miyala yambiri. Ndinkawerengera mumtima kuti dzuwa likamafika pamutu ndidzakhala nditalowa. Zimene ndinkaopa ndi zoti tiziwiya toyezera malungo timatha masana asanafike, ndipo akatero amakuuza kuti ubwere mawa. Mwana wanga sankaoneka ngati wa mawa. Anali atasiya kupempha madzi.

Ndinamubereka ndi kapulana, chitenje cha kuno, ngakhale ndi wamkulu ndithu, wa sukulu, miyendo yake ikundigunda m'mawondo. Achemwali anayenda patsogolo ndi beseni lawo. Njira yonse ndinkapemphera chamumtima, ndipo ndinene zoona, sindikudziwa ngati ndinkapempherera mwana kapena mwala, chifukwa m'mutu mwanga ziwirizo zinali chinthu chimodzi.

Titafika tinapeza pabwalo pali poyera ngati posesa. Pamene pankakhala mzere panatsala mapatapata okha, apa limodzi, apo limodzi, pakati pake mipata ngati mano a nkhalamba. Anthu onse anali atazungulira dzenje lalitali m'mbali mwa chipatala. M'dzenjemo munali bambo wina wamfupi, wovala chipewa cha pepala la thumba la simenti, akutuluka thukuta.

Nkhani yake inali motere. Kalekale tinalonjezedwa kuti atimangira khonde lodikirirapo, kuti odwala asamapse ndi dzuwa. Pamsonkhano wa bairo anatiuza kuti nyumba iliyonse ibweretse mwala umodzi wa maziko. Tonse tinawomba m'manja, koma palibe anabweretsa, chifukwa ndani angapereke mwala wake wa bicha? Ndiye mmisiri wake, bambo wa m'dzenje uja, anamutenga ku Lúrio, munthu wakumudzi, kumene wodwala amangokhala pansi n'kudikira ndi thupi lake lomwe. Anamuuza kuti miyala adzaipeza pamalopo, anthu asonkha. Iye atafika m'mawa anaipezadi, itandandalikidwa bwinobwino, ina yopaka utoto, ina yovala nsalu. Akuti anaima n'kuyamikira kuti sanaonepo bairo ya anthu adongosolo ngati ino. Kenako anatola yonse, n'kuthira m'dzenje, n'kuthirapo simenti.

Atamufunsa chifukwa chake sanafunse, anayankha m'Chimakua chosakaniza ndi Chinyanja kuti anafunsa ndithu. Panali agogo ena atakhala pansi pa mango, ndipo atawafunsa ngati miyalayi ndi ya anthu a bairo ino, anati inde. Agogowo anavomera kuti anaterodi, ndipo sananame.

Tsopano mlandu unali wakuti woyamba ndani. Panadzuka bambo wina wa jekete, wodwala chifuwa, amene palibe anamusankha koma anakhala woweruza. Anati nkhaniyi ndi yapafupi. Mmisiri anayamba kutola pakhomo, ndiye miyala yoyamba inagona pansi pa wilibala, ndipo pokhuthula, yapansi ndiyo inabwera pamwamba. Choncho amene mwala wake ukuoneka pamwamba ndiye woyamba. Anthu amene miyala yawo inkaoneka anati bamboyu ndi wanzeru. Koma mayi wina wa mwana wodwala m'maso anafunsa kuti kodi wilibala inayenda ulendo umodzi? Mmisiri anati ayi, inayenda maulendo angapo. Ndiye zinatembenuka, chifukwa ulendo woyamba uli pansi penipeni, ndipo amene miyala yawo sinkaoneka n'komwe anayamba kuyenda monyada. Munthu aliyense ankalumbira kuti wake uli pansi kwambiri. Bambo wina amene tonse timadziwa kuti alibe mwala, amabwereka wa alamu ake, anati wake uli pansi pa yonse, ndipo ngati sitikukhulupirira tikumbe.

Kenako kunabwera a mapatapata. Awa ndi anthu amene masiku onse a miyala timawayang'ana chapansi pang'ono, Mulungu atikhululukire. Tsiku limenelo linali lawo. Mtsogoleri wawo anali bambo wina wamtali, patapata limodzi kuphazi, lina lili pa bicha, dzino litamutupitsa tsaya. Anati iye sakuona vuto lililonse. Bicha ilipo, si iyo apo? Amene ali pa bicha alowe, amene miyala yawo yapita kukagwira ntchito ya zomangamanga adikire imalize. A miyala anakwiya. Anayamba kuyankhulana m'Chiyao, kuyankhana m'Chimakua, ndipo pamene panafunika mawu olemera ankatenga a Chipwitikizi. Achemwali anatsitsa beseni, ndipo mandasi anayamba kuyenda malonda, chifukwa mlandu umabweretsa njala.

Chitseko chinatseguka. Anamwino anatuluka, mayi wabwino, wodekha, amene anandibereketsa mwana yemweyu. Mnzawo anali kuchipinda china ndi mayi wobereka. Anaitana woyamba. Palibe anasuntha. Anaitananso. Bambo wa jekete anawafotokozera mwaulemu kuti woyamba akufufuzidwa. Anamwino anayang'ana dzenje, anayang'ana ife, n'kunena kuti aliyense amene ali pafupi alowe. Apo anthu amene anali pafupi ndi chitseko anafutuka chambuyo, kuopa kuti angaoneke ngati akufuna kulumpha. Ndiye anamwino anati tikagwirizana tigogode, ndipo analowa kukathandiza mnzawo uja.

Ndakhala zaka zambiri ndikupita pachipatala chimenechi, ndipo sindinaonepo chitseko chija chili chopanda munthu. Tsiku limenelo chinali chotsegula, mpando wa wodwala uli wopanda kanthu, toyezera malungo tili pathebulo, ndipo odwala tonse tili kuseri tikuyang'ana simenti ikuuma.

Ine ndinali kumbuyo kwa gulu. Sindinayankhule, chifukwa ndinkadziwa malo anga. Kaya atembenuze wilibala chotani, mwala wanga unali wa kumango. Ndinkauona ndithu, pakona ya maziko, theka lake lili m'simenti, kadzenje ka chala cha mayi anga kakuyang'ana kumwamba. Mwana anali phee kumsana, mutu wake ukundiotcha pakhosi. Ndinkamuitana pang'onopang'ono, iye n'kumayankha ndi mphuno. Kenako anasiya kuyankha.

Ndinamva miyendo yake ikuuma. Inawongoka yokha ngati timitengo, n'kuyamba kundimenya. Mutu unagwera chagada. Ndinamasula kapulana, ndinamutsitsira m'manja, ndipo maso ake anali atatembenuzika, kukamwa kukutuluka thovu. Ndinathamanga kulunjika kuchitseko. Apa ndi pamene mpaka lero sindimvetsa. Nditafika pa patapata loyamba, limene linali pafupi ndi khomo, mapazi anga anaima. Linali patapata lakale, lobiriwira, lomangidwa ndi waya, ndipo ndinalephera kulilumpha. Mwana wanga akugwedezeka m'manja, ine ndaima pamaso pa patapata ngati ndaima pamtsinje wodzaza.

Achemwali ndiwo anandiona. Anasiya beseni pansi, analowa pakati pa gulu, n'kuloza pakona ya maziko.

"Mwala wakuda uwo, woperera uwo," anatero mokweza, "ine ndinauona ndi maso anga m'mawa. Unali pakhomo penipeni. Unkachita kugunda chitseko."

Anthu anacheuka. Anaona mwala, kenako anaona ine ndi mwana. Bambo wa jekete anakhosomola n'kunena kuti ndi zoona, nayenso anauona, ndipo ankadabwa kuti mwiniwake wakhala chete bwanji. Mayi wa mwana wa m'maso anati unalipo iye asanafike. Bambo wopanda mwala uja anati wake umene uli pansi pa yonse unaupeza wakudawo uli kale pamenepo. Mmisiri, amene anali asanakumbukire kanthu m'mawa wonse, anakumbukira kuti umenewo ndiwo anayamba kutola. Bambo wa dzino anabwera chotsimphina, anatola patapata lobiriwira lija, pakuti linali lake, n'kulivala.

Ine ndi kupusa kwanga ndinatsegula pakamwa. Ndinati ayi, abale anga, wanga unali kumango.

"Achemwali," anatero mayi a mandasi akundikankha pamsana, "mwala ndi wanu koma maso ndi athu. Lowani."

Sindinagogode. Anamwino atangomuona mwanayo anasiya zimene ankachita, anamugoneka chammbali, anamubaya pachala, kenako jakisoni. Manja awo ankayenda mofulumira koma mawu awo anali ofatsa. Anandifunsa kuti wayamba liti, ndipo nditawauza kuti ndinali panja nthawi yonseyi, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati mwana wotere sadikira mwala, kaya wa ndani, ndipo ndikadzamuonanso chonchi ndidzalowe ngakhale pa bicha pali bwanamkubwa. Ndinavomera. Mumtima ndinkadziwa kuti iwo sagula tomato pamsika wathu, komabe mawu amenewo ndawasunga, ndipo ndimauza mayi aliyense.

Anati malungo afika kumutu, apa angomutsitsa pang'ono, tipite naye kuchipatala chachikulu m'tauni msangamsanga. Galimoto ya odwala inali itapita ku Lúrio kukatenga munthu wina. Njinga zamoto sizifika kwathu kuno chifukwa cha mchenga, zimathera kumsewu waukulu. Manja anga anali atafooka, sindikanatha kumuberekanso. Nditatuluka naye pakhomo, mmisiri anali ataima kale pamenepo ndi wilibala yake, atayala matumba a simenti opanda kanthu, pamwamba pake jekete la woweruza uja.

Sindinaonepo munthu akuthamanga ndi wilibala mumchenga ngati bambo ameneyu. Ine ndinkathamanga pambali nditagwira mutu wa mwana. Kumbuyo anthu ankakuwa kuti abwerere msanga, chifukwa ndiye mboni yokhayo. Mpaka pano sindidziwa ngati ankathamangira mwana wanga kapena ankathawa mlandu. Mwina zonse ziwiri, ndipo Mulungu amagwiritsa ntchito zimene wapeza. Pamsewu anaimitsa njinga yamoto, anatikweza, n'kukhala pansi m'mphepete mwa msewu. Ndinamva kuti sanabwerere kuntchito mpaka madzulo.

Kuchipatala chachikulu mwana anafika ali mbuu ndi fumbi la simenti, moti amene anatilandira anafunsa ngati wagwa pamalo omanga nyumba. Anamuika soro, madzi aja a m'botolo olowera pamkono, ndi mankhwala. Anagona masiku osatsegula maso. Ndinkakhala pansi pambali pa bedi, ndikuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi kuti ndisasokoneze ena. Sindinapemphe zambiri. Ndinkangoti Ambuye, munandipatsa ndinu, ndipo ine sindinathe naye. M'mawa wina ndikupukuta nkhope yake anatsegula maso, anandiyang'ana ngati ndamulakwira, n'kufunsa kuti mandasi aja anatha?

Achemwali anabwera nawo tsiku lomwelo, atakulunga papepala. Ndiwo anandiuza mmene mlandu unathera. Akuti titachoka anagwirizana kuti popeza miyala yalephera, tsiku limenelo alowe motsatira kukula kwa matenda. Ndiye panayambika mpikisano wina. Anthu amene anali atakuwa m'mawa wonse anayamba kubuula. Bambo wa chifuwa anakhosomola mpaka mbalame zinathawa mumango. Wa dzino anagona pansi. Agogo aja amene anayankha mmisiri anati iwo sakudwala, anangobwera kudzakhala pamthunzi monga amachitira masiku onse, ndipo anthu anati amenewo ndiwo alowe poyamba chifukwa ndi okhawo akunena zoona. Analowa, ndipo anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi.

Ndinawafunsa achemwali za umboni wawo uja, chifukwa unkandilemera. Ndinati anthu onse aja ananama chifukwa cha ine, ndipo iwo ndiwo anayambitsa. Anaseka. Anati zimenezo akakambirana ndi Mulungu paokha Lachisanu, ine ndisalowererepo, ndisamale mwana.

Bambo a ana anafika kuchokera ku Itepela mwana atayamba kudya phala. Anabwera ndi nkhuku ndi thumba lolemera limene anthu awiri anawathandiza kutsitsa m'galimoto. Ndinkayesa chimanga. Anamasula, ndipo munali mwala wa kuphiri kwathu, waukulu ngati dzungu la m'dimba. Anati anamva zonse pafoni, ndipo uwu palibe adzaunyamule. Ananena zoona. Ngakhale ine sindingaunyamule. Uli pakhonde, timakhalira posenda chinangwa. Tsiku lina mmisiri uja anabwera kudzaona mwana, atanyamula nthochi, ndipo nthawi yonse imene tinkacheza maso ake anali pamwalawo. Anati ndi mwala wabwino kwambiri wa pakona. Bambo a ana anasuntha n'kukhalapo.

Khonde la kuchipatala lija linatha, lili ndi malata ndi mabenchi awiri. Anthu anapeza miyala ina, sindikudziwa kuti, ndipo bicha inabwerera mwakale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano miyala timaiika mkati mwa khondelo, pamthunzi wabwino, ndipo eniake akabwera n'kupeza mulibe malo oponda, amaima panja padzuwa. Ine ndinalowa gulu la mapatapata. Bambo wa dzino, amene dzinolo anamuchotsa, amandipatsa moni ngati wachibale. Ndikafika amayi ena amandiseka kuti mayi mukuvutikiranji, inu mwala wanu uli m'maziko, ndinu oyamba mpaka chipatala chidzagwe. Ndimaseka nawo, n'kuika patapata langa kumbuyo. Koma ndikamadutsa pakona paja ndimayang'ana pansi. Mmisiri popaka simenti yomaliza anasiya dala kamalo, ndipo msana wa mwana wa mphero umaoneka, wakuda, wosalala. Mwana wanga amakonda kuikapo chala.

Ali moyo, akupita kusukulu. Koma sanabwerere mwakale kwenikweni. Amatopa msanga, khutu limodzi silimva bwino, ndipo anamwino akuti tizibwera naye azimuona. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mandimba, madzi adzadzazanso m'ngalande zathu, udzudzu udzabwera nawo, ndipo bambo ake abwerera kufodya. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada, kaya mumagwada moyang'ana kuti, mutikumbukire ife a m'nyumba muno: mwana uyu ndi khutu lake, akulu ake, bambo awo ali kutali, ndi ine mayi wawo, kuti tsiku lina zikadzavutanso mapazi anga asadzaime. Mukumbukirenso achemwali anga a mandasi, ndi bambo wa wilibala.